Kavalo wa Jenerale Adziwa Njira

Amuna anga, Jenerale Osbert Rainsford, tinawaika Lachinayi, mvula ikuwaza. Mfuti zinalira, aphungu anzawo a ku London analankhula mpaka miyendo kutiwawa. Kumbuyo kwa bokosi kunkayenda kavalo wawo wakuda, wopanda wokwera, jombo zawo zitamangidwa mopondera mapazi pachishalo koma zoyang'ana kumbuyo, monga achitira akafa mkulu wa asilikali.

Moyo wanga wonse amuna angawo ndinkagawana ndi anthu ena. Ali ku nkhondo ya ku India, anali a asilikali. Atabwerako, anali a Nyumba ya Malamulo. Ine ndinkangomwetulira pambali pawo nthawi ya chisankho. Ndinkati akafa, ndiye adzakhala anga ndekha.

Madzulo a tsikulo alendo anabalalika. Ndinakhala pawindo ndi tiyi wozizira. Kunja kunali chifunga. Kenaka ndinamva ziboda pamiyala. Pang'onopang'ono, mayendedwe a kavalo wonyamula munthu wolemera.

Kavalo wakuda uja anatulukira pakhonde. Chishalo chili pamsana, jombo zikulendewera. Komatu a Tuckwell, mkulu wosamala akavalo, anali atazivula ine ndikuona, n'kukhoma khola. Zingwe zapakamwa zinali zokungika, ngati wina wazigwira.

Mantha ndinalibe. Ndinasangalala, ine wopusa, poganiza kuti amuna anga andibwerera. Ndinakonza tsitsi n'kuthamangira kuchitseko.

Kavaloyo anandidutsa.

Sanatembenuke n'komwe. Anatuluka pageti n'kulowera njira ya kutchalitchi. Ndinamutsatira wapansi, ndi diresi langa la maliro, m'matope. Ndinkati akubwerera kumanda. Koma pamanda anapitirira, natsikira kukanjira ka kuchigayo, mpaka pakanyumba ka Hester Pargeter, mayi woimba limba kutchalitchi. Mayi wouma ngati nkhuni, wa chipewa chimodzi chaka chonse, amene ndinkamupatsa malaya anga akale.

Kavalo anaima yekha pamtengo wa maapozi. Chishalo chinalira, ngati munthu akutsika. Kageti kanatseguka popanda dzanja. Chitseko chisanagogodwe, Hester anatsegula, nyali ili m'manja.

"Wachedwa lero, Osbert," anatero. "Msuzi wazizira."

Anapatuka pang'ono kuti wina adutse. Lawi la nyali linawerama. Kenaka anandiona nditaima kuseri kwa mpanda. Manyazi analibe.

"Lowani, mayi, mudwala ndi chisanuchi. Sakhalitsa, amangofuna pokhala osalankhula."

Nsanje inandigwira, moti ndikanakhala ndi mwala ndikanaswa windo. Pakatani panaoneka mithunzi iwiri. Wina unali wamapewa aakulu, utaweramira pambale. Sindinalowe.

M'mawa a Tuckwell anapeza khola lili chikhomere, kavalo ali mkati, thukuta lokhalokha, matope mpaka m'mimba. Nditawafunsa, anangoyang'ana pansi n'kunena kuti nyama imatsata njira imene inazolowera. Ndinawafunsa kuti inazolowera liti. Anayamba kupukuta chishalo.

Ndinamugulitsa kavaloyo kutali, kumpoto. Sizinathandize. M'mudzi amanong'ona kuti Lachinayi lililonse ziboda zimamveka kukanjira ka kuchigayo, ndipo Hester amagulabe nyama ya anthu awiri.

Nyumba yanga ndi yaikulu, zithunzi za amuna anga zili khoma lililonse, lupanga lawo lili pakhoma pamwamba pa malo osonkhera moto. Akazi ena amasiye amadandaula kuti mizukwa ya amuna awo imawasowetsa tulo. Ine ndimasiya chitseko chosakhoma. Mpaka lero anga sanagogodepo ngakhale kamodzi.