Chitseko cha M'chithunzi cha Si Hechmi

M'mawa wina, kapu ya khofi ili m'manja, Si Hechmi Zarrouk anaona kuti chitseko cha m'chithunzi chawo chatseguka pang'ono.

Tonse a m'kanjira kathu, mumzinda wakale wa Tunis, tinkadziwa mmene mkuluyu anapengera ndi zithunzi za penti. Atapuma pa ntchito yogulitsa mankhwala, mtima wawo wonse unathera pa zojambula za Lella Khira, mayi woyandikana nawo nyumba, zimene iwo anayamba kugula pamene anthu ankamusekabe mayiyo kuti akungowononga nsalu. Masiku ano olemera a ku Dubai ndi ku Paris amachita kulimbirana ntchito zake, koma zokoma zenizeni zinali pakhoma pa Si Hechmi. Ankazipatsa moni m'mawa uliwonse ngati abale awo, ndipo lamulo lawo linali limodzi: ona ndi maso, chala ayi.

Chithunzi chapamtima pawo chinali cha kanjira kopanda munthu, dzuwa litangolowa, kumapeto kwake kuli chitseko chabuluu. Zaka zonsezi chitsekocho chinali chotseka. Tsopano panali kampata kakuda bii, kongokwana dzanja.

Analakwitsa pomuuza mwana wawo Naziha pa foni. Naziha ankakhala kumzinda wa Sousse ndi mwamuna wake, ndipo anali atayamba kale nyimbo yoti bambo akalamba, akakhale nawo kumeneko, nyumba ndi zithunzi zigulitsidwe. Anafika madzulo omwewo ndi sutikesi yopanda kanthu.

"Baba, mwezi watha munaiwala poto pamoto. Lero zitseko zikutseguka. Mawa mundiuza kuti mwalowamo."

"Poto ndi poto, mwana iwe. Chitsekochi ndakhala ndikuchiyang'ana iwe usanamere mano."

"Ndigona konkuno. Mukapitiriza, tikupita kwa dokotala, kuchoka kumeneko ku Sousse."

Si Hechmi anachita mantha, koma osati ndi chitseko. Chinawaopsa ndi kachipinda koyera mbee ka ku Sousse, kopanda ngakhale msomali pakhoma.

Nkhani kwathu sigona panjira. Pofika mawa lake inali itazungulira kosambira kwa amayi ndi kumalo omwera khofi. Ena ankati mizimu ya majini imakonda nyumba zakale zokhala ndi chitsime pabwalo. Ena ankanong'ona kuti Lella Khira amasakaniza penti ndi dothi la kumanda, n'chifukwa chake azungu amakonda zithunzi zake. Mkazi wa wophika buledi anabwera ndi mbale ya makala ndi lubani, n'kufukiza nyumba yonse mpaka mphaka anasamuka. Kuyambira pamenepo mphuno sinamvenso fungo lina lililonse m'nyumbamo.

Usiku umenewo, kuitana komaliza kwa kumzikiti kutatha ndiponso kanjira katakhala chete, Si Hechmi anamva makwerero opita kudenga akulira pang'onopang'ono, ngati pakutsika munthu wosafuna kumveka. Kenako kunabwera kaphokoso kena kuchokera pabalaza: kwee, kwee, ngati chikhadabo pansalu, kusiya, kuyambanso. Mdima unali wandiweyani moti dzanja lawo lomwe sankaliona. Anangogona chagada, osamudzutsa Naziha. Ankadziwa kuti womva zinthu usiku ndi amene amatengedwa kupita ku Sousse.

Kutacha, mkati mwa chitseko chija munali mukuyaka kuwala kwachikasu.

"Kunalipo kale kumeneko," anatero Naziha, amene chibadwire sanachiyang'anitsitsepo chithunzicho. Anachijambula pa foni kuti mawa awaonetse bambo ake kuti palibe chikusintha.

Usiku wotsatira kunali zii. Makwerero sanalire, pabalaza sipanamveke kanthu, ndipo onse anagona tulo tabwino. Koma m'mawa, pakati pa kuwala kuja panali pataima munthu, nkhope yosaoneka, phazi limodzi lili kale panja pa chitseko. Naziha anayang'ana foni, n'kuyang'ana khoma, n'kuyang'ananso foni. Kenako anachita chimene sichinachitikepo m'nyumbamo: anagunda chithunzicho ndi chala, pakuwala paja. Chala chinabwerako chachikasu.

"Baba," anatero motsitsa mawu, misozi ili m'maso, "mukumadzuka usiku n'kumapaka nokha."

"Ine? Amene sindingathe kujambula ngakhale dzira?"

"Tichezera limodzi lero. Kukapanda kubwera munthu, mawa tikulongedza."

Anakhala mumdima kuseri kwa katani, mwana ndi bambo, akumva kupuma kwa wina ndi mnzake. Patapita nthawi, makwerero analira. Kanyali kakang'ono kanatsika, kakugwedera, kumbuyo kwake kuli chinthu chachifupi chofunda nsalu yakuda. Chinaima pa chithunzi chija n'kuusa moyo. Naziha anayatsa magetsi.

Anali Lella Khira, wopanda nsapato, tochi pakamwa, maburashi ali m'thumba la epuloni yake yakukhitchini. Anadzera pamadenga athyathyathya a nyumba zathu zogundizanazi, njira imene amayi a kuno akhala akuyenderana kuyambira kale.

"Lella! Pa msinkhu wanuwu, kulumpha makoma?" anafunsa Naziha.

Mayiyo analavula tochi. "Nanga ndikanatani? Chithunzichi ndinagulitsa chisanathe, njala itandipana. Chitseko chotsekachi chandisowetsa tulo moyo wanga wonse. Ndikanapempha, bambo akowa akanalola? Munthu wokalipira ntchentche ikatera pafelemu?"

Si Hechmi anaseka mpaka kugwira khoma. Mutu wawo unali bwinobwino, ndipo mboni inalipo. Naziha anawapsompsona pachipumi n'kupepesa, manyazi atamugwira.

"Koma mwatiopsa, Lella," anatero Naziha. "Makamaka ndi munthu wa dzuloyu."

"Munthu uti? Dzulo sindinabwere, bondo linatupa."

Anayandikira khoma n'kuunika ndi tochi, ngakhale magetsi anali akuyaka. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anakanda munthu uja ndi chikhadabo. Penti yake inali youma gwa, yong'alukang'aluka ngati ya zaka zambiri, pamene kuwala komuzungulira kunali kukadali kwakuwisi.

"Ine anthu sindijambula," ananong'ona Lella Khira. "Simunaonepo munthu m'chithunzi changa, Si Hechmi."

"N'zoona, sindinaonepo."

Naziha anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda mpando. "Baba, ku Sousse ichi musabwere nacho."

"Popanda ichi sindibwera, mwana wanga."

"Ndiye khalani konkuno."

Si Hechmi analowa kukhitchini akuimba chamumtima, n'kutereka tiyi. Pobwera, pathireyi panali makapu anayi. Naziha anawaona, Lella Khira anawaonanso, koma palibe anafunsa kuti yachinayiyo inali yandani.