Chipsera Pansi pa Chibwano

Anakumana pasiteji ya basi, tsiku limene katoni ya mtsikana wina inabooka kunsi. Tianthu ta mtedza tinangoti mbwee m'fumbi: aphunzitsi, oimba gitala, amayi obereka ana. Anthu ankaseka, koma mnyamata wina woyendetsa takisi anatsika n'kuyamba kutola. Kachidole kamodzi kanathyoka mwendo. Iye anapempha kuti akasunge, ati nakonso kakufuna pokhala. Kuyambira tsikulo mtsikanayo anakhala Kamtedza.

Ntchito ya kwawo inali imeneyo. Bambo ankasankha mtedza wosasenda wa njere ziwiri, mutu ndi thupi, n'kubowola polowetsa miyendo ya waya. Mayi ankasoka timalaya ndi tizipewa. Kamtedza ankajambula nkhope ndi kabulashi kochepa ngati nsidze.

Tisanamizane, mnyamatayo pakamwa pake panali uchi. M'mawa uliwonse foni inkalira: "Kamtedza wanga, ife ndife njere ziwiri m'khoko limodzi. Wofuna kutilekanitsa ayambe waswa." Ndani sakanagwa nazo? Kachidole kaja anakapachika pagalasi la takisi. Pansi pa chibwano anali ndi kachipsera kamene sungakaone pokhapokha utatsamira pachifuwa pake, ndipo Kamtedza ankakonda kukasisita ndi chala.

Koma nkhani yokaonekera kwa makolo ikangoyamba, bambo wa takisi ankapeza pothawira. Lero matayala, mawa makasitomala. Mauthenga nawo anayamba kufupika.

Tsiku lina mayi analowa m'chipinda chogwiriramo ntchito akuvina. Namwino wina, amene ukwati wake unali pafupi, ankafuna tizidole ta mkwati ndi mkwatibwi, tiwiritiwiri zana limodzi, toti akapatse alendo. Ati anaona kachidole kopanda mwendo m'takisi ya bwenzi lake, n'kufunsafunsa mpaka kuwapeza. Mayi anaonetsa chithunzi cha mkwati ndi mkwatibwi pafoni. Kamtedza anangoyang'ana kamodzi, mtima unachita thi.

Anatuluka panja n'kumuimbira mnyamata uja.

"Ndimafuna ndikuuze, Kamtedza. Ndimaopa kukupweteka."

Kuopa kumupweteka! Kamtedza anadula foni.

Akanakana ntchitoyo, koma akanati chiyani? Makolo sankadziwa kanthu, ndipo bambo anali atayamba kale kubowola mtedza uku akuimba mluzu. Kamtedza anakhala pansi n'kujambula nkhope ya munthu wake kazana, osayang'ananso chithunzi. Misozi inkadontha pathebulo. Mayi ankati ndi vanishi akumuwawa m'maso, n'kumutsegulira zenera.

Namwino anabwera yekha kudzatenga. Anali munthu waulemu, woseka ndi aliyense, ndipo zimenezo n'zimene zinapweteka kwambiri. Kudana naye kunali kosatheka. Anatola kamkwati kamodzi, n'kukatembenuza uku ndi uku, akuyamikira ndolo za kamkwatibwi ndi tayi wa kamwamunako. Kenako anakapendeketsa chagada. Kumwetulira kuja kunazima. Anatola kachiwiri, kachitatu, kachinayi.

"Asisi, chipsera ichi pachithunzi paja sichikuoneka. Mwachidziwa bwanji?"

Kamtedza anayang'ana. Pansi pa chibwano cha kamkwati kalikonse panali kamzere kakang'ono kofiirira. Sanachite dala ayi. Dzanja linangojambula chimene linazolowera kusisita.

Bambo anasiya kubowola. Singano ya mayi inaima m'malere.

"Kachidole kopanda mwendo kaja sanagule," anatero Kamtedza motsitsa mawu. "Ndinamupatsa ndine."

Namwino anabwezera kamkwati m'katoni pang'onopang'ono, pafupi ndi kamkazi kake. Kenako anapempha mpando.