Waya wa pa Polo 47

Ndagwira ntchito ya magetsi zaka zambiri, ndipo ndatopa. Ndilembe izi ndisanayambenso kunama.

Madzulo ena posachedwapa ndinalowa ntchito ngati masiku onse, tiyi m'botolo, msana ukuwawa. Pakona ya ofesi pali kompyuta yolondera mawaya. Waya ukaduka n'kugwera pamchenga wouma, fyuzi siipsa, mamita akale sanena kanthu, koma moto ulimo. Kompyutayo imamva kunjenjemera kochepa kwa wayayo n'kulira.

Zaka zitatu zapitazo inalira, kuloza polo 47. Ndinayang'ana mamita, onse ali phee. Ndinaizimitsa, n'kufufuta zimene inalemba, n'kugona. M'mamawa wogulitsa mkaka anaponda wayayo akukankha njinga yake ya zigubu, n'kufera pomwepo. Mabwana atafunsa, ndinati kompyuta sinalire. Anachotsa ntchito injiniya amene anaiika, mayi wa ana awiri.

Tsono usiku wa posachedwapawu inaliranso. Polo 47.

Dalaivala wathu anaseka, ati kompyuta nayo imalota ikakalamba ngati ine. Ndinamuumiriza kuti tipite tikaone. Titafika pomwe msewu umathera, anati iye salipidwa kuti aziponda minga, ndipo anatsalira m'galimoto.

Ndinayenda ndekha. Polo 45. Polo 46. Tochi inayamba kufooka. Kenako ndinamva zigubu zikugundana pang'onopang'ono, ngati zili panjinga yokankhidwa.

Munthu anaima patsogolo panga. Nkhope sindinaione.

"Imani pomwepo, bambo."

Ndinaima. Ndinaunika pansi. Waya unali pamchenga, pafupi ndi nsonga ya jombo yanga, ukulira ngati mafuta pamoto. Mchenga unali utasungunuka.

"Lero ndiye mwabwera," anatero. Mawu ake analibe mkwiyo. Anali otopa basi.

Ndinafuna kupepesa. Iye anati waima pamenepo nthawi yaitali, kubweza anthu, ndipo miyendo yamuwawa. Ndinatembenuka kufuulira dalaivala kuti aimbe foni azimitse laini. Pobweza maso, panalibe munthu. Panangotsala fungo la mkaka wopserera.

Dalaivala akuti anandiona ndikuyankhula ndi polo. Anthu a m'nyumba zapafupi amanong'ona kuti zigubuzo amazimvabe kukamacha, ndipo ana awo sadutsa njira imeneyo.

Kalatayi ndikaisiya pa tebulo la bwana mawa. Mayi injiniya uja sanalakwe. Kompyuta inalira usiku uja. Ndinaimva bwinobwino.