Sumire ndi Mphasa ya pa Mtengo

Sumire ankakonda mtengo umodzi. Unali mtengo wa paini. Unali m'paki yakale, pafupi ndi dziwe la nsomba zofiira.

"Kalekale pano panali munda wa mfumu," bambo ake ankatero. "Anthu wamba sankalowa. Mtengowu unalipo kale."

Sumire ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna mtengo wake usafe.

Tsiku lina kunja kunayamba kuzizira. Sumire anapita kupaki ndi mlongo wake wamkulu, Tatsuki. Pafupi ndi mtengowo panali bambo wina wa chipewa chakuda. Bamboyo anakulunga mphasa pa thunthu. Inali mphasa ya mapesi a mpunga. Pansi anamanga molimba. Pamwamba sanamangitse.

Sumire anabisala kuseri kwa nyali yaikulu yamwala.

"Achimwene, amene aja ndi ndani?"

"Ndi atelala a mitengo," Tatsuki anatero. "Ausokera juzi!"

"Mtengo suvala juzi."

"Wako wavala. Mawa auveka nsapato!"

Tatsuki anaseka. Sumire sanaseke. Iye ankadziwa kuti mapesi sachedwa kuyaka.

Chipale chofewa chinagwa kuchokera kumwamba. Madzi a m'dziwe anaundana ndi chisanu. Sumire ankapitabe kupaki. Ankabisala kuseri kwa nyali ija.

Bambo uja anabweranso. Anasuzumira m'mphasa. Anagwedeza mutu. Anachoka.

Anabweranso tsiku lina. Anasuzumira. Anagwedeza mutu. Anachoka.

"Abisamo chiyani?" Sumire anadzifunsa.

Kenako chipale chinasungunuka. M'mawa wina Sumire anaona utsi m'paki. Anathamanga. Tatsuki anamutsatira.

Pafupi ndi mlatho panali mgolo. Mumgolo munali moto. Bambo uja ankapita kumtengo. M'manja anali ndi chikwakwa!

Sumire sanabisale. Anakumbatira mtengo wake.

"Musauwotche! Chonde musauwotche!"

Bamboyo anaima. Anaika chikwakwa pansi. Anavula chipewa.

"Ndiwe mwana wa kuseri kwa nyali, eti? Ndakhala ndikuona nsapato zako zachikasu. Ine ndine Nishimori. Ndimasamala mitengo ya muno."

"Nanga moto uja?" Sumire anafunsa. Mtengo sanausiye.

"Sendera pang'ono, mwanawe. Uone wekha."

Sumire anasendera pang'ono pokha. A Nishimori anadula chingwe. Anayala mphasa pansi. M'mapesi munali mbozi. Mbozi zambirimbiri!

"Iii!" Tatsuki analumphira kumbuyo.

"Izi zimadya masamba a paini," a Nishimori anatero. "Kukazizira zimatsika. Zimafuna pofunda. Zimalowa m'mphasa. Ife timawotcha mphasa. Mtengo sitiwotcha."

Sumire anachita manyazi. Anaweramitsa mutu.

"Pepani, bambo. Ndimaganiza kuti ndinu munthu woipa."

"Palibe kanthu. Mtengowu wapeza mlonda wachiwiri."

A Nishimori ananyamula mphasa. Koma Sumire anaona kanthu kakuyenda.

"Taimani! Muli kangaude!"

A Nishimori anayang'anitsitsa.

"Zoonadi. Uyu amadya tizilombo. Ndi mnzathu pantchito. Maso angawa akanamuphonya."

Sumire anatola tsamba louma. Kangaude anakwerapo. Sumire anamuika pa thunthu. Kangaude anakwera, nakwera, nakwera.

Lamlungu banja lonse linabwera kupaki. Amayi anayala nsalu pansi pa mtengo. Anatulutsa mpunga woumba ngati mipira. Sumire anatenga umodzi waukulu.

"Nanga uwo ukupita nawo kuti?" bambo ake anafunsa.

"Kwa a Nishimori."

"Atelala aja?" Tatsuki anatero.

"Eya. Atelala amene mbozi zawo zinakulumphitsani!"

Onse anaseka. Sumire nayenso anaseka. Pamwamba pawo, mtengo wa paini unali wobiriwira.