Chala Chachitatu

Izi si zakumva m'maluwa ayi. Anaziona ndi maso ake ndi mayi wokolopa m'chipinda cha odwala mwakayakaya, munthu wosatha kunama ngakhale pofuna tchuthi.

Sisitala wamkulu wa chipindacho anali atangobwera kumaphunziro a masiku atatu, ndipo satifiketi anaipachika pamwamba pa sinki kuti aliyense wosamba m'manja aziiwerenga. Anabweranso ndi lamulo: wodwala aliyense azifunsidwa mafunso kawiri pa tsiku, aone ngati mutu wasokonekera. Wolephera sachoka m'chipindamo.

Pabedi lachinayi panali bambo wina, kalipentala, amene madokotala anati masana omwewo apite kuwodi wamba. Mwana wake wamkazi anali kale pakhomo, chikwama chili m'manja.

"Bambo, mwala umayandama pamadzi?"

"Kapena kwanu, asisitala."

Sisitala anachonga papepala. Kenako anakweza zala ziwiri. "Zingati izi?"

"Zitatu."

"Yang'anitsitsani, bambo."

"Ziwiri n'zanu. Chinacho n'cha ali kumbuyo kwanuwo."

Sanacheuke. Munthu wa satifiketi sacheukira zotere. Analemba kuti kalipentala wasokonezeka, asachoke, n'kupita pabedi lachisanu, kwa mphunzitsi wopuma ntchito amene ankakonza anamwino Chingerezi ngakhale ali pa diripi. Zala ziwiri.

"Zitatu," anatero mphunzitsi, maso ali pamwamba pa phewa la sisitala.

Pabedi lotsatira panali mayi wa paipi pakhosi, wosatha kulankhula. Anadzutsa dzanja pang'onopang'ono. Zala zitatu.

Makina ankangolira ngati masiku onse, tii, tii, tii. Fungo la sipiriti linazilala. Kunabwera la nsalu yonyowa yokhalitsa. Kamphepo kanamudutsa sisitala kunkhongo. Mawindo a m'menemo satsegulidwa.

"Amayi," sisitala ananong'oneza wokolopa uja, "kumbuyo kwangaku kuli ndani?"

"Kulibe munthu, asisitala." Mayiyo anayang'ana pansi pamene anali atangokolopa. "Koma musabwerere chambuyo."

Pasimenti yonyowayo panali zidindo za mapazi opanda nsapato. Zinayambira pabedi lachinayi. Zinathera pazidendene za sisitala.

Anayenda chammbali ngati nkhanu mpaka kwa kalipentala, n'kufufuta zimene analemba zija. Bamboyo anatuluka pa nthawi yake, mwana wake akumukankha panjinga ya odwala. Atafika pakhomo anakweza dzanja.

"Tsalani bwino, nonse awiri."

Mafunsowo akufunsidwabe mpaka lero, lamulo ndi lamulo. Koma la zala, sisitala amafunsa atatsamira khoma.