Malilime a M'firiji ya Cleophus

Cleophus Tarver anafika zaka makumi asanu akumata matayala a eni ake m'katauni kena ku Mississippi, iye alibe ndi njinga yomwe. Chinkamudya mumtima nchakuti anzake amene ankathawa nawo sukulu anali atatsegula timaofesi ta katapila, nkumayendera magalimoto onyezimira. Naye anayesa kukongoza timadola take, koma wokongolayo atakana kubweza, woweruza wa kubwalo la milandu ing'onoing'ono anangomva kukula kwa chiwongoladzanja nkumubweza Cleophus chimanjamanja.

Basi anapita kwa Mayi Ozella, sing'anga wa kuseri kwa njanji.

"Ukufuna chilungamo kapena chuma, mwanawe?" anafunsa mayiwo akusenda mtedza, osamuyang'ana nkomwe.

"Chuma, mayi. Chilungamo sichidyedwa."

"Eya. Aliyense amene ukamsumira, lemba dzina lake pakapepala, ung'ambe lilime la ng'ombe, ulowetsemo, usoke ndi ulusi wakuda, uike m'firiji. Pamaso pa woweruza sadzatulutsa mawu. Koma chizimba chake nachi: wodzakongola usam'bweze, wolephera kubweza usam'khululukire, kaya ndi ndani. Ndipo malilimewo asadzasungunuke."

"Nanga akasungunuka?"

Mayi Ozella anaseka pang'ono. "Mawu safa, Cleophus. Amangofuna pakamwa potulukira."

Abale inu, zinayenda! Munthu ankalowa m'bwalo ali ndi malisiti m'manja, koma woweruza akamufunsa ankangoti kukamwa yasa, mawu osatuluka mpaka atafika panja. Cleophus ankawina mlandu uliwonse, nkumalanda magalimoto ndi kudula malipiro a anthu. Anamanga nyumba yosanja. Firiji inadzaza, anagula yachiwiri, ndipo ku butchala ankamuseka kuti, "Akulu, kodi kwanu mumadya malilime okhaokha?"

Tsiku lina kuofesi yake ya katapila kunalowa Renita, mwana wake mmodzi yekhayo, amene ankagwira ntchito kufakitale ya nsomba.

"Adadi, mdzukulu wanu ali m'chipatala. Ndithandizeni madola mazana asanu."

Cleophus anakumbukira chizimba chija. Kum'bweza sakanatha, choncho anamusainitsa pepala la ngongole lomwe ankasainitsa aliyense. Itatha miyezi isanu ngongole inali itafika zikwi ziwiri, Renita alibe pogwira. Bamboyo anathamangira kuseri kwa njanji.

"Mayi, uyu ndi magazi anga. Palibe njira ina?"

"Ilipo. Ukazimitse firiji, ubwerere kumatayala ako."

Cleophus anatembenuzira maso pa galimoto yake yatsopano imene inaima panja.

"Ndimadziwa," anatero Mayi Ozella. "Pita, butchala asanatseke."

Anasokera dzina la mwana wake m'lilime la ng'ombe, nkukamsumira. Kubwalo Renita anawayang'ana bambo ake misozi ili mbwembwembwe, pakamwa pakuyenda popanda mawu. Galimoto yake inalandidwa, ntchito inatha poti analibe choyendera. Choopsa nchakuti ena onse mawu ankawabwerera akatuluka panja, koma Renita sanayankhulenso ngakhale kunyumba.

Chaka chomwecho kunabwera woweruza watsopano, mayi wosaseka ndi munthu. Atafufuza mafailo anadabwa: milandu mazana awiri, chiwongoladzanja choposa chimene lamulo limalola, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anadziteteza. Analamula kuti milandu yonse iunikidwenso Lolemba.

Lachisanu kunawomba chimphepo chimene chinagwetsa mapolo a magetsi tauni yonse. Cleophus anazungulira masitolo kufuna madzi oundana, anapeza atatha. Kunali kotentha koopsa. Pofika Lamlungu pansi pa mafiriji panali pakuyenderera madzi ofiira, ntchentche zili ng'waa pamawindo.

Lolemba bwalo linadzaza ndi anthu amene Cleophus anawalanda katundu, Renita atakhala kumbuyo.

"A Tarver," anatero woweruza, "tauzani bwalo, chiwongoladzanja chanu chinali chotani pamwezi?"

Cleophus anatsegula pakamwa, koma munatuluka mawu a nkhalamba yachikazi: "Ndinabweza katatu konse, bwana, malisiti ndi awa!" Anagwira kukamwa ndi manja onse, osathandiza. Munatuluka mawu a bambo wina: "Anasintha manambala nditasaina kale!" Anthu anayamba kuimirira mmodzimmodzi, aliyense akuzindikira mawu ake. Kenaka munatuluka mawu otsika, onjenjemera.

"Adadi, ndine Renita. Mwandigulitsa zingati?"

Woweruza anafafaniza ngongole zonse nkulamula kuti anthu abwezeredwe zawo. Nyumba yosanja ija inagulitsidwa. Renita mawu anam'bwerera tsiku lomwelo, koma anatenga mwana wake nkusamukira kutali, osawatsanzika bambo ake.

Cleophus alipo mpaka pano. Amayenda m'mbali mwa njanji wopanda nsapato, akudandaula ngongole ndi mawu a anthu mazana awiri. Mawu akeake sanamvekenso.

Dyera ndi loipa, anthuni. Chuma chobwera potseka anzako pakamwa chimadzakulanda pakamwa pako pomwe, ndipo ukafuna kupepesa mwana wako umapeza ulibe mawu opepesera.