Belita ndi Mpopi Wouma

Belita ankakhala kwa Mkhumba, kunsi kwa phiri la Michesi. M'mawa uliwonse ankatunga madzi pampopi. Madziwo anali osambitsira mlongo wake wamng'ono, Dave.

Tsiku lina Belita anatsegula mpopi. Mpopi unangoti fooo! Anatseka. Anatsegulanso. Anaumenya ndi chikhatho. Ngakhale dontho!

Dave anali fumbi lokhalokha. Thupi linkamuyabwa, ndipo ankalira.

"Taonani mwanayu," anatero Amayi. "Ali ngati mbatata yongokumba kumene!"

Belita anathamangira kwa bambo ake.

"Ababa, madzi athu apita kuti?"

"Atsalira kuphiri, mwanangu. Penapake patsekeka. Tiye tikaone."

Belita anasokonezeka. Madzi a pampopi akutaninso kuphiri?

Ananyamuka awiriwo. Anatsata paipi yakuda. Paipi inakwera, iwonso anakwera.

Anafika pamtsinje. Madzi anali mbwee!

"Ababa, madzi athu ndi awa?"

"Ayi, mwanangu. Awa si athu."

Anafika pachigwembe chakuya. Belita anasuzumira. Pansi penipeni madzi ankathamanga.

"Ababa, nanga awo?"

"Ayi, mwanangu. Awonso si athu."

Mutu wa Belita unazungulira. Madzi onsewa kuno, koma kunyumba ngakhale dontho?

Kenako anafika pamathithi. Madzi ankagwa kuchokera pamwamba pa thanthwe. Phokoso lake linali lalikulu zedi. Ababa analankhula, koma Belita sanamve kanthu. Anangoona milomo ikugwedera.

Ababa analoza padziwe. M'dziwemo ndi momwe paipi inayambira. Pakamwa pake panali sefa. Sefayo inali itatsekeka ndi masamba ndi matope.

Ababa anachotsa matope. Belita anachotsa masamba. Paipi inati gudugudu! Inayamba kumwa madzi.

"Awa ndiye athu!" anakuwa Ababa, pafupi ndi khutu lake.

Anayamba kubwerera. Koma mwadzidzidzi kunagwa nkhungu. Phiri linasowa. Mitengo inasowa. Njira nayo inasowa.

"Njira ili uku," anatero Ababa.

Anayenda pang'ono. Anapeza thanthwe.

"Ayi, ili uku."

Anayendanso. Anapeza chigwembe, ndipo anabwerera m'mbuyo msanga. Kumanja kunkamveka madzi. Kumanzere kunkamveka madzi. Kutsogolo madzi, kumbuyo madzi!

"Ababa, kodi tasochera?"

Ababa anakanda kumutu.

"Eya, mwanangu. Tasochera."

Belita anachita mantha. Ankayesa kuti Ababa amadziwa njira zonse za padziko. Kani nawonso amasochera? Anawagwira dzanja zolimba.

Mwadzidzidzi Belita anapunthwa. Anagwa m'matope, phwaa! Chinamugwetsa n'chiyani? Anafufuza ndi manja. Chinali chozizira. Chinali chachitali. Inali paipi!

Belita anagunditsa khutu papaipi. Mkati munkamveka waaa, waaa.

"Ababa, bwerani mumve! Madzi athu akuyenda!"

Ababa anagwada. Nawonso anamva.

"Ababa, madziwa akupita kwathu. Iwo sanasochere. Tiyeni tiwatsate!"

"Iwe mwana iwe!" anatero Ababa. "Tsogola."

Belita anatsogola. Ankayenda chowerama, dzanja lili papaipi. Paipi ikakhota, iwonso ankakhota. Paipi ikatsika, iwonso ankatsika. Ababa anaterereka, n'kukhala pansi m'matope. Belita anayesa kubisa chiseko, koma chinamupulumuka.

Pena paipi inalowa m'nthaka. Belita anaima. Nanga tsopano?

Anakweza maso. Nkhungu inali itatsalira m'mwamba. Patsogolo pawo panali minda ya nandolo. Kuseri kwa mindayo kunali denga la nyumba yawo!

Anathamanga mpaka pampopi. Madzi ankatuluka, waaa! Amayi anali pomwepo. Dave anali m'beseni, akuseka.

"Munali kuti nthawi yonseyi?" anafunsa Amayi. "Madzi afika kalekale!"

"Amayi, ife tinasochera. Madziwa ndi amene atibweretsa."

Amayi anayang'ana Belita. Matope kumutu, matope m'miyendo. Anayang'ana Ababa. Chimodzimodzi.

"Dave, tuluka m'beseni," anatero Amayi. "Kwabwera mbatata zina ziwiri."